Chaka Chimene Ndinadya Choko

Maphunziro anga ndinawayamba ndi kudya choko cha aphunzitsi, ndipo ndinachidya anthu onse akuona. Sikuti chinangolowa mwangozi ngati njere ya pichesi ayi. Ndinachiyang'ana bwinobwino, ndinasankha chachitaliko, n'kuchiluma ndi mano akumbuyo ngati munthu wodziwa chimene akuchita. M'kamwa munangoti gwa! Malovu onse anathawa, lilime linasanduka khoma lopaka laimu, ndipo nditati ndilavule munatuluka fumbi lokhalokha. Anzanga a Sitandade 1 anaseka mpaka ena kugwa pa njerwa zimene tinkakhalira. A Madamu, aphunzitsi athu, anandigwira pachibwano n'kundisuzumira m'kamwa monga achitira munthu wogula mbuzi pamsika. Kenaka anatembenukira ku bolodi kuti tisaone nkhope yawo, koma mapewa anawaulula, chifukwa ankagwedezeka.

Ndiloleni ndidziteteze pang'ono, ngakhale mlanduwu unatha kalekale. Pa kasukulu kathu ka kumapiri a ku Mphunzi choko chinatha chimanga chisanakhwime n'komwe. A Madamu sanali munthu wokhala pansi n'kumadandaula. Anapeza chinangwa, anachisenda, anachiwaza timizere ngati zala, n'kuchiyanika padenga mpaka chinasanduka makaka, ndipo makakawo ankalemba pa bolodi. Ankalemba motuwa, nthawi zina molira ngati mbewa yogwidwa pamsampha, koma ankalemba. Tsono panali lamulo lokoma: mwana amene wafufuta bolodi ankapatsidwa kachidutswa kotsala kuti atafune. Ana tinkalimbirana ntchito imeneyi kuposa ina iliyonse. Tsiku limenelo mwayi unagwera ine, ndipo ndinafufuta ndi mtima wonse mpaka m'makona. Chimene sindinadziwe n'chakuti m'mawa womwewo munthu wina wa panjinga anali atabweretsa bokosi la choko chenicheni kuchokera ku parishi. Palibe anandiuza. Ine ndinangoona kuti makaka a tsikulo ndi oyera bwino ndi owongoka, ndipo ndinati mumtima, lero ndiye lero.

Inali nyengo yachisanu, ndipo amene sanakulire ku Dedza asandiuze za chisanu. M'mawa udzu wa m'dambo unkayera ngati wina wawazapo ufa, nkhungu inkatsika kuchokera ku Chongoni n'kumeza njira, ndipo ife tinkayenda m'menemo opanda nsapato, mapazi ong'ambika mang'a, miyendo yotuwa yoti n'kulembapo dzina ndi chikhadabo. Amayi ankandiikira mbatata yootcha m'thumba la kabudula kuti izinditenthetsa manja, ndipo ankandilangiza kuti ndisaidye mpaka dzuwa litakwera. Sindikumbuka tsiku limene mbatatayo inawoloka mtsinje. Chipinda chathu chinali chofolera ndi udzu, chimene Lamulungu chinkasanduka tchalitchi, ndipo mkati mwake munkazizira kuposa panja. Choncho a Madamu ankatitulutsa n'kutikhazika kumbali ya khoma kumene dzuwa lawomba. Dzuwa likasuntha nafenso tinkasuntha, aliyense atanyamula njerwa yake, sukulu yonse kuzungulira nyumba ngati abuluzi.

M'chipindamo chinthu chokhacho chogula kusitolo chinali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chimene chinali m'galasi pamwamba pa bolodi ndipo chinkapukutidwa m'mawa uliwonse tisanayimbe. Buku linalipo limodzi, la a Madamu, lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti. Zina zonse tinkatola. Powerengera tinali ndi timitengo tomanga m'mitolo ndi luzi, zitsononkho, nthanga za maungu ndi timiyala ta kumtsinje. Mwana amene anali ndi zotsekera za mabotolo ankayenda ngati mwini golosale. Wotchi yophunzirira nthawi inali lichero lakale lokhala ndi mivi iwiri ya bango. Bolodi likatuwa tinkalidetsa ndi makala osinja osakaniza ndi masamba a kholowa, ndipo tsiku limenelo tonse tinkabwerera kwathu ngati otuluka mu uvuni wa njerwa. Kope lathu linali pansi. Aliyense ankasalaza kamalo kake ndi chikhatho n'kumalemba ndi chala, ndipo a Madamu ankayenda pakati pathu mosamala ngati munthu wodutsa m'dimba la anyezi. Vuto linali mphepo. Ukavutikira chilembo mpaka chaoneka ngati cha munthu, mphepo ya mwera inkabwera n'kuchinyambita. Chikapulumuka ku mphepo, mbuzi ya akatekisiti inkadutsapo.

Nkhani ya choko inafika kumudzi ine ndisanafike. Ndinapeza atsibweni anga, a Sandalamu, mlongo wawo wa amayi, atakhala pakhonde akusoka chingwe cha goli. Kwathu kuno mwana ndi wa atsibweni ake, ndipo bambo anga anali kutali kumigodi, choncho mawu a munthu ameneyu ndiwo ankatha nkhani. Anali ndi ng'ombe ziwiri zokoka ngolo ndi zazikazi zingapo, ndipo mnyamata amene ankaziweta anali atathawira kumaesiteti a fodya. Sanali munthu waukali, koma ankakonda kuona chinthu chogwirika. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi amatope mpaka kumilomo yoyera, n'kutembenukira kwa amayi.

"Mlongo, tandiuza. Mwanayu akanyamuka pano anyamula timitengo, akafika uko akanda pansi ngati nkhuku, akabwerako wadya laimu. Timitengo ndi dothi kubusa kulibe? Atsirize chaka chino. Mvula ikangogwa, ng'ombe zikumudikira."

Amayi anangopitiriza kupeta nyemba, koma ndinaona kuti akupeta zopetapeta kale. Ine ndinazizidwa mwa mtundu wina. Kubusa sindinkakuopa. Kunali mbalame zootcha, kunali kusambira. Koma ndinkadziwa kuti mwana wopita kubusa sabwereranso pa njerwa yake, ndipo ine ndinali nditangoyamba kumene kuona kuti timizere tija timalankhula. Zinali ngati kukutulutsa pa gule ng'oma itangoyamba kukoma.

Sabata yomweyo a Madamu anatopa ndi mphepo ndi mbuzi. Anati akufuna zilembo zoti mwana azigwira m'manja, azitembenuza, azisanja n'kuzisanjulanso. Anatigawira aliyense chilembo chake kuti akhale mwini wake, aziumba zambiri za mtundu womwewo ndi dothi. Ine ndinapatsidwa chilembo choyamba, a, ndipo ndinadzimva ngati ndalandira ufumu. Pambuyo pake ndinamva kuti anandipatsa chifukwa ndi chokhacho chimene ndinkachidziwa mosakayika. Zoyamba tinaziumba ndi dothi wamba n'kuziyanika padzuwa, koma zinkafumbutuka ukangozikweza. Ndiye madzulo ena ndinaona a Madamu akulowa m'mudzi mwathu, nsapato zawo zakuda zili mbuu ndi fumbi, n'kukagwada pakhomo pa a Nachisale.

A Nachisale anali oyandikana nafe nyumba, mayi woumba mbiya, wamfupi, wa mawu omveka kutsidya la mtsinje. Analinso msuweni wa atsibweni anga, kotero anali ndi ufulu wowanena chilichonse pamaso pa anthu, ndipo ufulu umenewu sankaulola kuti uchite dzimbiri. Sankadziwa kuwerenga ndipo sankabisa. Anatenga chilembo chimodzi chimene a Madamu anabweretsa, anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, timeneti muziphikiramo chiyani?" Atamva cholinga chake anaseka, koma anavomera. Anati dothi lathulo ndi lozirira nyumba, osati loumbira, ndipo ngati tikufuna zinthu zolimba titsatire malamulo awo, osati a sukulu.

Loweruka linalo Sitandade 1 yonse inatsika kumtapo, kumene a Nachisale ankakumba dothi lawo, aliyense ndi kansengwa pamutu. Fungo la dothi limenelo ndimalimvabe, lozizira, lonunkhira ngati mvula yoyamba. Anationetsa kuchotsa timiyala ndi timizu, kusinja mapale akale pamwala n'kuwasakaniza ndi dothilo, kulikanda mpaka lisiye kumata zala, ndi kuyanika zoumbazo pamthunzi, osati padzuwa. Ine ndinamva zonsezi ndi khutu limodzi. Ndinkafuna kukhala woyamba kutsiriza ndi kukhala ndi zambiri kuposa aliyense, kuti atsibweni aone. Ndinakanda mothamanga, ndinaumba zilembo zonenepa ngati zitumbuwa, ndipo a Nachisale atapita kumadzi ndinazitulutsa n'kuziika padzuwa kuti ziume msanga. Kunja zinauma ndithu. Mkati zinali zaziwisi.

Tsiku lootcha tinasonkhana kuseri kwa nyumba yawo dzuwa litapendeka. Akuluakulu ena sankaloledwa kuyandikira moto wa mbiya, pa zifukwa zimene tinazimva titakula, koma ana tinkaloledwa. Zilembo zinasanjidwa pakati pa miphika, zinafundidwa makungwa ndi udzu, ndipo moto unayaka. Posakhalitsa tinamva phu! Kenaka phu! phu! ngati chimanga chokazinga m'phale. A Nachisale sanafunse kuti ndi za yani. Anangotembenuka n'kundiyang'ana. M'mawa mwake pofukula phulusa, zilembo za anzanga zinatuluka zofiira, zolira ngwee ukazigogoda ndi chikhadabo. Zanga zonse zinali zidutswa, ndipo chidutswa chimodzi chinali chitang'amba kamphika ka ndiwo ka a Nachisale. A Madamu anayang'ana m'licheromo n'kunena mofatsa kuti popanda a palibe mawu amene tingalembe, ngakhale amayi, ngakhale madzi. Sanandimenye. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Ndinalipira kamphikako ndi miyendo, potunga madzi ndi kutola makungwa, ndipo madzulo aliwonse ndikaweruka ndinkakhala pakhonde pa a Nachisale kuumbanso. Ankandimenya pamsana pa dzanja ndi chitsononkho chosalazira mbiya ndikayamba kuthamanga. Ankati dothi limamva munthu wa phuma ndipo limamusungira mkwiyo mpaka pamoto. Chilembo changa ankachitchula kuti kapu ya chigwiriro chothyoka. Zina nazo anazipatsa mayina awoawo: china chinali nkhata, china mbedza, china njoka yodya mazira, china mwana wakhala chogwada. Ine ndinkawauza mayina a kusukulu, iwo ankakana, tinkatsutsana mpaka amayi kundiitana. Zilembo zatsopanozo zinakhala pamthunzi masiku ambiri, ine ndikuzizonda m'mawa ndi madzulo ngati nkhuku yofungatira. Zitalowa pamoto ndinatseka makutu ndi manja. Sizinaphulike. Zinatuluka zisanu, zopindika pang'ono, mbali ina yofiira mbali ina yakuda, koma zolira ngwee.

Masabata otsatirawo ndiwo anali okoma koposa m'maphunziro anga onse, ndipo maphunziro angawo si ambiri oti n'kusokoneza powerenga. Zilembo zinkakhala m'lichero lalikulu. M'mawa a Madamu ankaliika padzuwa, ndipo pofika nthawi yowerenga zilembo zinkakhala zofunda, moti ngakhale mwana waulesi ankalimbirana kuti agwire chimodzi. Ankaziika m'thumba la nsalu, mwana n'kupisa dzanja osayang'ana, n'kutchula chimene wagwira asanachitulutse. Nthawi zina aliyense ankanyamula chilembo chake pamutu, a Madamu n'kutchula mawu, eni zilembo n'kuthamanga kukaima pamzere. Ine ndinkafunika pafupifupi m'mawu aliwonse, choncho ndinkathamanga tsiku lonse, ndipo chisanu ndinachiiwala. Ndi mmene kuwerenga kunandilowera, kudzera m'zala ndi m'miyendo. Mpaka lero ndikakumana ndi mawu ovuta m'buku, chala changa chimayamba kuyenda chokha pabondo, ndipo adzukulu anga amagwedezana.

Tsiku lotsekera sukulu makolo anaitanidwa. Amayi anabwera atavala nsalu yawo ya Lamulungu. Atsibweni anali atanena kuti alibe nthawi yoonera ana akusewera ndi dothi, koma njira ya ngolo yawo yopita kumsika ndi mbatatesi inkadutsa pasukulupo, ndipo phokoso linawaimitsa. Anaima kumbuyo kwa anthu, mkwapulo uli paphewa. Titatha kuyimba ndi kuwerengera timitengo, a Madamu anatulutsa lichero n'kupempha kholo limodzi kuti litchule dzina lake, mwana alisanje pansi. Anthu anachita manyazi, aliyense kuyang'ana mnzake. Pamenepo mawu a a Nachisale anang'amba bwalo lonse.

"Uyo wabisala kumbuyoyo! Sandalamu, mwamuna wanga wosalipira, bwera kuno akulembe! Kapena ukuopa kuti dzina lako likana?"

Anthu anaseka, ndipo atsibweni sakanachitira mwina koma kubwera kutsogolo, akung'ung'udza kuti mkazi ameneyu adzafa akulankhula. A Madamu anayang'ana ana onse, kenaka anaitana ine. Sindikudziwa ngati amayi anali atawanong'oneza kanthu. Ndinagwada pafupi ndi licherolo. Ndinatchula dzinalo chamumtima pang'onopang'ono monga tinkachitira, kaphatikizo kamodzikamodzi. Ndinatenga njoka yodya mazira ija, ndinaika kapu yanga pambali pake. Pakati ndinaima nthawi yaitali moti ndinamva ng'ombe ikupuma kungolo, ndipo wina kumbuyo anati mwina akufuna choko kuti adye kaye. Koma zala zinakumbuka. Nditamaliza, dzina la atsibweni linali gone padothi, ndipo mkati mwake munali zilembo zanga zopindika zitatu.

A Madamu anauza kalasi kuti iwerenge, ndipo ana onse anafuula dzinalo mpaka linakamveka kuphiri. Atsibweni ananjuta. Munthu ameneyu moyo wake wonse ankadinda chala, kumsika wa fodya, pa khadi la chipani, paliponse. Analiyang'ana dzinalo kuyambira kumanzere mpaka kumanja, n'kulibwerezanso, kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti ineyo ndi ameneyu?" Ndinati eya. Anafunsa kuti zopindikazo anaumba ndani. Ndinati ndine. Anagogoda chimodzi ndi chikhadabo, chinalira. Kenaka, anthu onse akuona, anavula chipewa n'kuyamba kutolera zilembozo chimodzichimodzi n'kumaika m'chipewamo. A Madamu anatsegula pakamwa, popeza zimenezo zinali zipangizo za sukulu ndipo zilembo za a zinangotsala ziwiri. Koma atsibweni anati dzina la munthu silingagone m'lichero limodzi ndi mayina a anthu ena, ndipo sukulu ikadzatsegulidwa adzabweretsa dothi la kumtapo ngolo yathunthu, ndi makungwa omwe, kuti mwanayu adzaumbe zina.

Amayi ndi amene anayamba kumva tanthauzo la mawu amenewo. Ndinawaona akuphimba pakamwa ndi nsonga ya nsalu. Ine zinanditengera nthawi, monga mwa chizolowezi changa. Ngati ndidzaumba zina sukulu ikadzatsegulidwa, ndiye kuti ndidzakhala ndili pasukulupo. Za ng'ombe atsibweni sanazitchulenso. Anakaziphatikiza ndi za mnzawo wina, ine n'kumathandiza Loweruka lokha. Madzulo a tsikulo anapondaponda matope, anamata pamwamba pa chitseko chawo, n'kundinyamula paphewa kuti ndikanikize zilembozo m'matopemo mwa dongosolo lake. Zinakhala pamenepo mpaka nyumbayo inagwa, iwo atapita kale.

Sindinafike patali ndi sukulu. Ndinalekera Sitandade 4 pa zifukwa zina zosakhudza ng'ombe, ndipo zotsalazo ndinadziphunzitsa ndekha, pa nyuzi zokulungira usipa, pa mabuku a nyimbo a kutchalitchi, pa chilichonse chokhala ndi timizere. Koma zaka zitatu zoonjezerazo ndi zimene zinandipatsa poyambira, ndipo ndinazipeza ndi dothi. Masiku ano ana a kwathu ali ndi mabuku a zithunzi zamitundu ndi makalasi a malata, ndipo sindinganame kuti ndimawafunira makaka. Mtapo uja unakwiririka, miphika ya kwathu ndi ya chitsulo tsopano. Chimene ndimawamvera chisoni pang'ono n'chakuti zilembo zawo zimabwera zopangapanga kuchokera kutali, zosalala, zofanana zonse. Sadziwa kuti chilembo chingathe kuphulika ukachipupulumira, kapena kukufunditsa manja m'mawa wachisanu.

Nditatsika paphewa pa atsibweni madzulo amenewo, manja ali matope okhaokha, ndinapeza a Nachisale ataima pampanda wawo, manja m'chiuno, akuyang'ana pamwamba pa chitsekocho. Anandikodola ndi chala. Ndinapita ndikuganiza kuti pali madzi oti nditunge. Anandigwira pachibwano monga anachitira a Madamu tsiku lija, n'kundisuzumira m'kamwa.

"Iwe mwana wa Nabanda, tsiku unadya choko lija ndinauza amako kuti akonze mankhwala a m'mimba. Kodi chinkangofuna njira yotsikira m'zala eti? Chabwino. Koma mawa m'mawa ubwere kuno ndi dothi. Sandalamu sangakhale ndi dzina pakhomo ine ndilibe, ndipo langa uliumbe lalikulu kuposa lakelo."